Utuchi wa Mlombwa

Naomi anaimva nkhaniyo ali pamzere ku chigayo. Mayi wina amene anali kutsogolo kwake ankauza mnzake kuti a Simoni, mmisiri wa matabwa uja, ayambira kachasu ku ukalamba, ndipo nkhope yawo yatupa ngati ya munthu wolumidwa ndi njuchi. Mnzakeyo atacheuka n'kuona kuti mkazi wa a Simoniwo ali kumbuyo kwawo, anamutsina wolankhulayo pamkono. Nkhani inadukira pomwepo. Naomi anagayitsa chimanga chake, n'kusenza ufa, n'kubwerera kunyumba atadzaza ndi mkwiyo.

Anali atakhala pabanja ndi a Simoni zaka makumi atatu ndi chimodzi, m'mudzi wina wa kufupi ndi Vubwi, kumene munthu akakwera kaphiri amaona minda ya ku Mozambique. Pa zaka zonsezo sanawaonepo akulawa ngakhale thobwa logonetsa. Bambo awo a Simoni anafera m'dambo akuchokera ku mowa iwo ali aang'ono, ndipo chiyambire pamenepo fungo lenilenilo linkawachititsa nseru. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi. N'chifukwa chake Naomi zinamuwawa kwambiri: anthu omwewo amene ankadziwa, ndiwo anafulumira kukhulupirira.

Zonse zinayamba ndi mabenchi. Mpingo wawo unali utatha zaka zisanu ukuumba njerwa ndi kumanga tchalitchi chatsopano, ndipo akulu a mpingo anagwirizana kuti mabenchi ake akhale a mlombwa, mtengo wofiira wosadyedwa ndi chiswe. Matabwa anabwera nawo a Abudala, wamalonda amene ankawatenga kutsidya kwa malire, ndipo a Simoni anadzipereka kukhoma mabenchi makumi anayi. Moyo wawo wonse ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, akupala paini ndi mbawa pamanja, mphepo ikuulutsa zinyalala. Koma ulendo uno a Richard, mkulu wa mpingo amene ankayang'anira zomangamanga, analamula kuti thabwa ngakhale limodzi lisatuluke m'tchalitchi, poopa akuba. Mazenera anali asanaikidwe magalasi, choncho anawatseka ndi malata. Mphunzitsi wina anabwereketsa makina osalalitsira matabwa oyendera jenereta. A Simoni ankalowa m'mawa, n'kutuluka dzuwa litapendeka ali psuu kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, ndipo Naomi akamachapa malaya awo madzi ankasanduka ngati tiyi.

Mu Juni kuyabwa kunayamba. Poyamba zinali zikope, kenako khosi, kuseri kwa makutu, m'mapindiro a mikono ndi m'chiuno momwe mumadutsa lamba. Panatuluka timatuza ting'onoting'ono totulutsa madzi, khungu n'kuyamba kung'ambika. M'mawa maso ankavuta kutsegula, ndipo akatsegula anali ofiira. Naomi anawaperekeza ku kachipatala kapafupi. Woona odwala amene anamupeza kumeneko anali ndi mzere wautali panja. Anawayang'ana ali chapatali, n'kunena kuti ndi mphere. Anawapatsa mankhwala oyera opaka thupi lonse ndi timapiritsi tachikasu toletsa kuyabwa, n'kulamula kuti zofunda zonse ziwiritsidwe. Naomi anawiritsa mabulangete, anayanika mphasa padzuwa masiku atatu anthu odutsa akuona, koma mumtima ankadabwa kuti mphere yanji imeneyi yosankha munthu mmodzi pa mphasa ya anthu awiri. Mankhwala oyerawo ankawotcha ngati tsabola, ndipo zilonda zinangokula. Mnansi wina anawalangiza kuti azipaka sipiliti kuti matuza aume. A Simoni anagula kabotolo, n'kumapaka m'mawa uliwonse akukukuta mano.

Lamlungu lina linali tsiku lawo lowerenga Mawu. Kuyabwa kunali kutanyanya, choncho asananyamuke anamwa timapiritsi tiwiri m'malo mwa kamodzi, n'kupaka sipiliti pakhosi ponse. Timapiritsi timeneto timagonetsa, koma panalibe amene anawauza. Pokwera kutsogolo anapunthwa pa sitepe. Atatsegula Baibulo zilembo zinkasambira m'misozi, lilime linalemera, ndipo anawerenga ndime imodzi kawiri. A Richard ananyamuka kukawagwira mkono kuti akhale pansi, ndipo Naomi, ali kumbali ya amayi, anaona mkuluyo akununkhiza, n'kukwinya mphuno, n'kuyang'ana akulu anzawo.

Lachinayi lotsatira a Simoni anaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo. Naomi anakhala panja pa mulu wa njerwa zotsala, chifukwa mkazi sanaitanidwe. A Simoni sanali munthu wa mawu ambiri. Atatuluka anangomuuza kuti ananena kuti samwa, anatchula sipiliti, koma a Richard anayankha kuti chidakwa chilichonse chimakhala ndi nkhani yake yokonzeratu, ndipo kuti zizindikiro zinali zitatu: maso ofiira, kudzandira ndi fungo. Abusa Oscar anali achinyamata, atangokhala pampingopo miyezi isanu ndi itatu, ndipo sanafune kutsutsana ndi mkulu amene anamanga tchalitchi. Chigamulo chinali chakuti a Simoni ayimitsidwe pa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi, asawerengenso Mawu, ndipo azilowa kalasi ya obwerera.

Naomi anafunsa ngati ndi zokhazo. A Simoni anazengereza, kenako anati akuluwo awapemphanso kuti afulumize mabenchi, chifukwa tchalitchi chitsegulidwa mu Okutobala.

"Ndiye kuti manja anu ndi odetsedwa polandira mkate, koma ndi oyera popala matabwa awo?" anatero Naomi.

A Simoni anati ntchitoyo sinali ya a Richard, inali ya Mulungu, ndipo m'mawa mwake anatenga macheka awo n'kupita. Izi zinamupsetsa mtima Naomi kuposa chigamulocho. Milungu itatu ankawaona akubwera madzulo nkhope ikunyezimira ndi kutupa, akudzikanda mpaka magazi, pamene ku msonkhano wa amayi anzake ankamupempherera mokweza kuti Ambuye amupatse mphamvu yopirira mwamuna wogwa. Mayi wina anafika pomunong'oneza kuti afufuze m'thumba la zida, chifukwa ndimo amuna amabisamo timabotolo. Naomi anamuyankha kuti thumbalo amalisoka yekha likang'ambika, ndipo anachoka msonkhano usanathe.

Tsiku limene diso lakumanzere linatsekeka lonse, Naomi sanafunsenso maganizo a munthu. Anaimbira foni mwana wawo Taonga, amene ankaphunzitsa pa sukulu ina ku Katete. Kenako anatenga kiyi wa tchalitchi m'thumba la jekete la amuna ake, n'kukamusiya m'manja mwa mkazi wa abusa, n'kulongedza chikwama. A Simoni anayesa kunena za mabenchi khumi ndi asanu ndi awiri otsala. Naomi anawauza kuti akafa, a Richard adzawaika m'bokosi la mlombwa womwewo n'kulalikira za kuipa kwa mowa. Anakwera galimoto yodzera ku Chadiza, fumbi likulowa paliponse, a Simoni atafunda chitenje kumutu ngati namfedwa.

Anafika ku Katete sabata ya mwambo wa Kulamba, tawuni itadzaza ndi magalimoto opita ku Mkaika, ndipo Taonga atawaona bambo ake anagwira pakamwa. Lolemba anawatengera ku chipatala china cha m'tawunimo, kumene ankadziwa mayi wina woona odwala, dzina lake Rehema. Anali wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, wovala mpango wophimba tsitsi ndi khosi, mwana wa wamalonda wina wa pamsika amene anachokera ku Malawi kalekale. Naomi ankayembekeza kuti awayang'ana ali patali n'kulemba pepala. Koma Rehema anakoka mpando, n'kupempha a Simoni kuti avule malaya, n'kuwatembenuzira kuzenera. Anayang'ana zikope, kuseri kwa makutu ndi pakhosi pomwe kolala imathera. Anatambasula zala zawo chimodzichimodzi n'kuyang'ana pakati pake. Kenako anafunsa Naomi ngati iyenso akuyabwidwa, ndipo atamva kuti ayi, anapukusa mutu n'kunena kuti mphere imakonda pakati pa zala ndipo sisiya mnzako wogona naye.

Pambuyo pake anayamba mafunso, ndipo anali ambiri moti a Simoni anadabwa. Amagwira ntchito yanji, kwa zaka zingati, ndi mitengo yanji. Chinasintha n'chiyani kuyabwa kusanayambe: sopo, mafuta, malo, zida. A Simoni anafotokoza za mlombwa, za makina, ndi za mazenera otsekedwa ndi malata. Rehema anafunsa ngati panali nthawi ina imene anasiya ntchito masiku angapo. A Simoni anati ayi, koma Naomi anakumbukira kuti mu Julayi anapita ku maliro a mlamu wawo ku Malawi n'kukhalako masiku asanu ndi limodzi, ndipo anabwerako nkhope itaphwa, maso akuoneka. Atangobwerera m'tchalitchi, tsiku lachiwiri zonse zinayambiranso.

Rehema anaika cholembera pansi. "Atate, ine ndiganiza kuti thupi lanu layamba kudana ndi utuchi wa mtengo umenewu. Taonani pomwe pali zilonda: ndi pomwe fumbi limagwera n'kukhala, ndi pomwe limamatirira ku thukuta. Munthu angathe kugwira matabwa zaka zambiri bwinobwino, kenako n'kukumana ndi mtengo umodzi umene khungu lake likuukana. Likaukana kamodzi, siliiwala."

Atamva za sipiliti anatseka maso pang'ono, n'kunena kuti imeneyo inkangowonjezera moto pa chilonda. Za timapiritsi tachikasu anati n'tabwino, koma timalemeretsa mutu ndi miyendo, moti woyendetsa galimoto saloledwa kumwa masana, ndipo awiri pamodzi angadzandiritse munthu wamkulu. Apa Naomi analephera kudzigwira. Anafotokoza zonse, za Lamlungu lija, za bwalo, za kalasi ya obwerera, a Simoni akumukoka chitenje kuti asiye. Rehema anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Sananene kanthu za mpingo. Anangoti choyamba khungu lipole, kenako ayesa kuti atsimikize, chifukwa sankafuna kulemba pa pepala chinthu chongoganizira.

Anawapatsa mafuta amphamvu opaka pathupi, ena ofatsa a kunkhope ndi m'zikope, ndi mapiritsi a zilonda zimene zinali zitayamba mafinya. Anawaletsa sopo wonunkhira, n'kuwauza kuti azipaka vaselini akangosamba, ndipo asayandikire thabwa lililonse. Anati pakatha milungu itatu abwerenso ndi utuchi wa mitengo yonse imene amagwiritsa ntchito, uliwonse paokha.

Pa sabata yoyamba diso linatseguka. Pa yachiwiri zilonda zinauma n'kuyamba kusenda, ndipo a Simoni anayamba kusowa mtendere pakhomo pa mwana wawo, akuyang'ana chitseko chopotoka cha kukhitchini ndi maso a njala. Naomi anawasiya m'manja mwa Taonga n'kubwerera yekha kumudzi kukatenga utuchi. Wa paini ndi wa mbawa anaupeza pansi pa mango. Wa mlombwa anapita kukautenga ku tchalitchi, ndipo anapeza a Richard ali mkati akuwerenga mabenchi ndi chala. Fumbi lofiira linali pansi ponse, m'makoma, ngakhale pa guwa.

A Richard anamupatsa moni mwaulemu, n'kufunsa ngati a Simoni abwera msanga, chifukwa alendo a pa tsiku lotsegulira anali atalemberedwa kale makalata. Za thanzi lawo sanafunse. Naomi anagwada n'kuyamba kuwola utuchi ndi supuni, akuthira m'kapepala. Mkuluyo anafunsa kuti ukupita kuti, ndipo anamukumbutsa kuti mpingo sulola zopita nazo kwa asing'anga.

"Ndikupita nawo kwa munthu amene amafunsa asanaweruze," anayankha Naomi, n'kumanga kapepalako pa nsonga ya chitenje.

Ku Katete Rehema anagwira ntchitoyo iwo akuona. Anatenga utuchi pang'ono wa mtengo uliwonse n'kusakaniza ndi vaselini, n'kupaka pa tinsalu ting'onoting'ono, n'kumata pamsana pa a Simoni pomwe khungu linali labwino. Kachinayi kanali ka vaselini yekha. Analemba manambala pakhungu ndi cholembera. Anawauza mosabisa kuti zida zenizeni zoyezera matenda otere zili ku Lusaka, ndipo iyi inali njira ya pomwe zidazo palibe. Pofuna kuti asanamizidwe ndi utuchi woti ungawotche munthu aliyense, anamatanso wa mlombwa pa mkono wa Naomi ndi wa Taonga. Anati masiku awiri msana usakhudze madzi, ndipo kukayabwa asakande.

Tsiku lachiwiri lisanafike a Simoni anali atayamba kudzikhuza ku mpando. Rehema atamatula tinsaluto, pa nambala wani, fili ndi folo panali poyera. Pa nambala thu, pa mlombwa, panali pofiira ndi potupa, mpaka m'mbali mwake mukuoneka monga momwe kansalu kanadulidwira. Atabweranso patapita masiku ena awiri, panali patatuluka timatuza tomwe tija ta pakhosi. Mkono wa Naomi ndi wa Taonga unalibe kanthu. Naomi anayang'ana kachigamba kofiirako, kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo m'malo mosangalala anamva mkwiyo ukukwera mwatsopano. Chinthu chonsecho chinafuna supuni imodzi ya utuchi ndi munthu wofuna kudziwa.

Taonga anajambula msanawo pa foni. Rehema analemba kalata ya m'Chingerezi ndi ina ya m'Chinyanja, yonena za matendawo, za sipiliti ndi za tulo tobwera ndi timapiritsi. Kenako anawauza a Simoni kuti mlombwa ausiye ndithu, chifukwa chophimba pamphuno ndi malaya a manja aatali zingachepetse koma sizingathetse. Mitengo inayo angapitirize, koma panja, akuwaza madzi pansi, ndi kusamba akangoweruka. A Simoni anafunsa ngati angaloledwe kungomaliza mabenchi otsalawo. Rehema anati khungu ndi lawo, koma akabwerera m'fumbi limenelo adzabweranso kwa iye ali oipirapo, ndipo mwina ulendo umenewo chidzagwira ndi chifuwa.

Atabwerera kumudzi, bwalo la akulu linakumana Lachinayi. Ulendo uno Naomi sanakhale pa njerwa. Analowa pambuyo pa amuna ake n'kukhala pansi pafupi ndi khomo, ndipo mkulu wina atamuuza kuti adikire panja anayankha kuti anadikira kale panja ulendo watha, ndipo onse akudziwa zimene zinatuluka. Abusa Oscar anawerenga kalata mokweza, n'kuyendetsa foni ya chithunzi. Akulu ena anayamba kuyang'ana pansi. Koma a Richard anabweza foniyo osaiyang'anitsitsa. Anati iwo sakutsutsa za chipatala, munthu angathe kudwala khungu n'kumamwanso mowa, ndipo chimene mphuno yawo inamva, inamva. Anawonjezera kuti mayi wolemba kalatayo si wa mpingo, ndipo sangauze akulu mmene angasungire nkhosa zawo.

Naomi anatulutsa kabotolo ka sipiliti kamene anabwera nako m'chikwama, n'kukatsegula, n'kukaika pa tebulo patsogolo pa mkuluyo. Fungo linadzaza m'chipindamo. Anawafunsa ngati si limeneli. Anawafunsanso kuti pa miyezi itatu imene nkhope ya amuna ake inkatupa iwo akuona tsiku ndi tsiku, analowapo liti m'nyumba mwawo kudzazonda. Anafunsa amene anatseka mazenera ndi malata. A Richard anati sangayankhe mafunso a munthu amene sanaitanidwe. Abusa anakweza dzanja n'kunena kuti zamveka, nkhaniyo aikonza mwamtendere, ndipo Lamlungu mpingo udzauzidwa.

Lamlungu linafika. Ankapempherabe m'tchalitchi chakale cha udzu. Itakwana nthawi ya zolengeza, abusa anati mpingo ukondwere chifukwa abale atatu amene anali pa chilango abwezedwa. Anatchula mnyamata wina amene anamenya mkazi wake, mayi wina amene ankatcheza kachasu, kenako a Simoni. Anati onse atatu alapa, ndipo mpingo uwalandire ndi manja awiri. Anthu anayamba kuwomba m'manja. Naomi anali atagwira kale benchi kuti anyamuke, koma anaona kumbali ya abambo munthu ataima, ndipo anali amuna ake.

A Simoni anadikira mpaka manja atasiya. Analankhula motsitsa monga mwa masiku onse, moti akumbuyo anachita kutchera khutu.

"Abusa, mundikhululukire. Machimo ndili nawo ambiri, ndipo ndimalapa tsiku lililonse. Koma ili limene mwatchulali si langa. Ndikalivomera lero kuti ndilandire mkate, ndiye kuti ndanama m'nyumba ya Mulungu, ndipo pamenepo mudzakhala ndi chifukwa chenicheni chondiyimitsira. Ngati bwalo linalakwa, linene kuti linalakwa. Ngati silinalakwe, ndisiyeni pa chilango ndimalize miyezi yanga."

Sanakhale pansi. Abusa Oscar anayang'ana pepala lawo, anayang'ana a Richard, ndipo a Richard anayang'ana kudenga. Kenako mkulu wina wokalamba, a Aroni, amene kubwalo kuja sanatsegule pakamwa, anaimirira movutikira ndi ndodo yawo n'kunena kuti iwo anali nawo pogamula, ndipo anagamula molakwa. Pamenepo abusa anapinda pepala lija. Anauza mpingo kuti a Simoni sanamwe mowa, ankadwala matenda obwera ndi utuchi wa mabenchi a mpingo womwewo, ndipo bwalo linafulumira. Ndipo a Simoni anakhala pansi.

Mabenchi otsala anamaliza ndi mmisiri wina wochokera ku Sinda, dzina lake Paulo. A Simoni anaumirira kuti malata achotsedwe m'mazenera ndipo makina atulutsidwe panja, ndipo ankamulangiza ataima patali, kumbali yochokera mphepo. Tchalitchi chinatsegulidwa mochedwa ndi mwezi umodzi. Pofika nthawi ya mvula khungu lawo linali litapola, kungotsala mabala akuda pakhosi ndi m'mikono, ndipo anabwerera pansi pa mango kukhoma zitseko za paini ndi ming'oma ya njuchi.

A Richard sanabwere. Chakumapeto kwa Disembala anatuma mkazi wawo ndi tambala wamkulu woyera, womangidwa miyendo ndi luzi. Mayiyo anamuika pakhonde, n'kucheza za mvula ndi za feteleza, n'kutsanzika osatchula chimene chabweretsa tambalayo. A Simoni anati amulandire, chifukwa anthu ena pakamwa pawo m'polemera ndipo amapepesa ndi manja. Naomi anati pakamwa pomwepo sipanalemere pamene ankawatchula chidakwa pamaso pa akulu asanu ndi anayi.

Anamunyamula tambalayo m'khwapa n'kuyenda naye kudutsa mudzi wonse masana, anthu ali m'makonde. Anapeza a Richard akusanja matumba a mbewu pa ngolo. Anagwada mwaulemu monga amachitira mkazi kwa mkulu wa mpingo, n'kumuika tambalayo pamapazi awo.

"Nkhuku yanu yasochera kwathu," anatero. "Tinayesa kuifunsa chimene yadzera, koma siyankhula. Mukafuna kunena kanthu kwa bambo a Taonga, amapezeka pakhomo tsiku lonse."

Mkazi wa a Richard, amene anali pakhomo la khitchini, anabwerera mkati. Naomi anadzuka, anasasa fumbi pa mawondo, n'kubwerera kwawo kudzera njira ya kumunda, chifukwa mitambo inali itayamba kuda cha ku Mozambique ndipo nyemba zake zinali zisanapaliridwe.